WOGWETSA PANGANO LA MWINI ALI NDI MLANDU

Abale ndi alongo a nthambi zathu za ku Mitundu ndi ku Nathenje, amai ndi abambo, tamverani.

Chaka ndi chaka, dzinja likafika pakati, nkhokwe zitayera ndipo fodya ali pa mikangala m'zigafa, m'midzi mwathu mumalowa alendo a njinga zamoto, sikelo iri kumbuyo, ndarama ziri m'thumba. Sadzera kwa mfumu, safunsa mlangizi. Amalunjika pakhomo pa mlimi amene amva kuti ufa wamthera kapena mwana wache wabwezedwa kusukulu. Mau ao ndi otsekemera: "Bambo, mudikiriranji Kanengo? Landirani zanu lero." Mlimiyo anasaina kale pangano ndi kampani, anatenga feteleza pa ngongole pamodzi ndi anzache a pa kalabu, ndipo mlendoyo zonsezi akuzidziwa bwino lomwe. Fodya atuluka usiku. Msika ukatsegulidwa, mabelo a kalabu aperewera, ndipo popeza m'makalabu ambiri ngongole iri ya onse, ndarama zidulidwa pa fodya wa iwo amene anasunga mau ao. Mai wamasiye amene anasoka fodya wache ndi ana ache mpaka pakati pa usiku abwerera kumudzi chimanjamanja chifukwa cha fodya amene sanamgulitse iye.

Zikatere tonse timaloza chala kwa mlimi uja, ndipo tisabise, iye walakwa. Koma kodi walakwa yekha? Nanga uja anabwera ndi sikelo, nadziwa kuti pali pangano, napindula ndi kugwa kwache, iye apite mwamtendere? Ife tikuti ai. Mau athu m'kalata ino ndi amodzi: munthu wonyengerera mnzanu kuti aswe pangano limene anapangana ndi inu, ndiponso munthu wokupitikitsirani ogula ndi bodza kapena ndi chiopsezo, ali ndi mlandu pamaso pa malamulo a dziko lino, ndipo mukhoza kumtengera ku bwalo. Koma lamulo limeneli limagwira nchito m'manja mwa anthu amene pangano lao liri loonekera ndipo mbali yao anaisunga. Nchifukwa chache tafuna kuti membala ali yense alidziwe.

MAKOLO ATHU ANALIDZIWA KALE

Nzeru imeneyi siyachilendo kwa Achewa. Pa bwalo la mfumu, mwamuna akalowerera banja la mwini, ankhoswe sanena kuti mlandu ndi wa mkazi yekha. Wolowererayo amaitanidwa, nakhala pansi, nalipira. Sanaliko tsiku limene ankhoswe anamanga ukwatiwo, sanalonjeze kanthu kwa mwini banja, komabe amalipira, chifukwa anadziwa kuti pali chomangidwa ndipo anachimasula dala. Chimodzimodzi munthu wotsekula khola la mnzache usiku sangadzikanire ponena kuti mbuzi zinatuluka ndi miyendo yao. Lamulo la m'mabuku limene tikufotokoza pano likuyenda m'njira yomweyi, kusiyana kwache nkwakuti likunena za malonda.

KUMENE LAMULOLI LINACHOKERA

Malamulo ambiri a mapangano amene mabwalo athu amatsata anafika kuno ndi Atsamunda. Lamulo la 1902, lochedwa British Central Africa Order in Council, linati mabwalo a dziko lino aziweruza motsata malamulo a ku Mangalande, ndipo ngakhale tinalandira ufulu mu 1964, mbali yaikuru ya malamulo amenewo inatsala. Pakati pa mirandu yakale ya kumeneko pali iwiri imene mlimi wa ku Mitundu ayenera kuimva.

Woyamba ndi wa 1853, wa Lumley ndi Gye. Benjamin Lumley anali ndi nyumba ya zisudzo mu London, ndipo anapangana ndi mai wina woimba wa ku Germany, Johanna Wagner, kuti aziimba kwa iye yekha kwa nyengo yakutiyakuti. Frederick Gye, mwini nyumba ina yopikisana nayo, anamlonjeza maiyo ndarama zoposa, maiyo natembenuka. Lumley anayamba watenga chiletso ku bwalo choti maiyo asaimbe kwa Gye, ndipo pambuyo pache anasumira Gye mwini wache. Gye anati: ine sindinapangane nawe kanthu, ukandisumira bwanji? Oweruza anati mlandu wotere ulipo ndithu: wonyengerera munthu dala kuti aswe pangano akhoza kulipitsidwa ngakhale dzina lache mulibe m'panganomo.

Koma imvani mathero ache, pakuti m'menemo muli phunziro. Mlandu utalowa mu umboni, Lumley sanalandire kanthu. Kunapezeka kuti panali mkangano pa ndarama za chiyambi zimene iye anayenera kupereka kwa maiyo pa tsiku lache, ndipo bwalo linakhulupirira kuti Gye anaganiza moona mtima kuti panganolo linali litatha kale. Tsono taonani: lamulo linali kumbali ya Lumley, koma anagwa pa kutsimikiza kuti mdani wache anadziwa.

Mlandu wachiwiri ndi wakale koposa, wa m'zaka za m'ma 1790, ndipo unachitikira m'madzi a Afrika, ku gombe la Cameroon. Zombo ziwiri za Angelezi zinali kulimbirana malonda ndi anthu a kumeneko. Kapitao wa chombo chimodzi, M'Gawley, ataona bwato la eni dziko likuchita malonda ndi chombo cha Tarleton, anaombera mzinga, napha munthu, kuti ena onse aope. Tarleton anasuma, ndipo bwalo linati woopseza ogula a mnzache ndi njira yoipa ayenera kulipira malonda amene anatayika. Nzachisoni kuti bwalolo linawerenga phindu la Mzungu osati moyo wa munthu wakuda uja. Komabe mfundo inakhazikika, ndipo lero iri yathu: ngakhale palibe pangano lolembedwa, palibe munthu aloledwa kukuonongerani malonda poopseza, ponamiza kapena pozunza anthu amene mumagulana nao. Mu 2007 bwalo lalikuru la ku Mangalande, pa mlandu wa OBG ndi Allan, linafotokozanso kuti iyi ndi mirandu iwiri yosiyana, wina wonyengerera kuswa pangano, wina woononga malonda ndi njira zosaloleka. Mabwalo athu sakakamizidwa kutsata chiweruzo cha kunja cha masiku ano, koma amachiwerenga ndi kutolapo nzeru.

ZINAYAMBIRA MUNO MU LILONGWE

Wina asaganize kuti nkhani ya mavenda a fodya ndi ya dzulo. M'zaka zoyamba za m'ma 1920, Mzungu wina, A. F. Barron wa ku Mbabzi kumadzulo kwa Lilongwe, anayamba kugawa mbande za fodya wa chikopa kwa alimi a m'midzi, nawalangiza kalimidwe, nawagula fodyayo. Phindu litaoneka, ogula ena anathamangira kuno kudzagula fodya amene sanamlerere. Boma la Atsamunda silinachedwe. Mu 1926 linakhazikitsa Native Tobacco Board, bungwe limene linalembetsa alimi, kuika misika yoŵerengeka ndi kulamulira amene aloledwa kugula, ndipo ndarama zoyendetsera bungwelo zinachokera pa fodya wa mlimi yemweyo. Bungwe limeneli linasintha maina ndi maonekedwe: Agricultural Production and Marketing Board mu 1956, Farmers Marketing Board mu 1962, ndi ADMARC mu 1971. Mlimi wamng'ono anakhala zaka zambiri wopanda ufulu wosankha womgula, ndipo fodya wa bale sanaloledwe kumlima kufikira 1990.

Mbiri imeneyi itiphunzitsa chiani? Itiphunzitsa kuti pamene malonda a munthu wamkuru anasokonezedwa, chitetezo chinapezeka msanga, koma pamene mlimi anadyeredwa pa mtengo, panalibe womlirira. Lero zinthu siziyenera kutero. Malamulo akuru a dziko lino a 1994, pa gawo 29, akuti munthu ali yense ali ndi ufulu wochita malonda, wogwira nchito ndi wodzipezera zosowa zache pali ponse m'Malawi, ndipo pa gawo 41 akuti munthu ali yense ali ndi ufulu wofika ku bwalo ndi kulandira chithandizo chenicheni ufulu wache ukaphwanyidwa. Mau akuti ali yense sasiya mlimi wa maekala awiri wa m'dera la Chiseka, sasiya mai wogulitsa tomato m'mbali mwa mseu pa Nathenje. Kuyambira 2012, pamene boma linavomereza kuti fodya wambiri azilimidwa pa pangano ndi makampani, mapepala a mapangano adzaza m'nyumba zathu. Tsono ngati tikhala ndi mapangano, tiyenera kudziwanso chowatchinjiriza.

ZIMENE BWALO LIDZAKUFUNSANI

Mukasumira munthu kuti anagwetsa pangano lanu, woweruza adzafuna zinthu zisanu.

Choyamba, kodi pangano linalipo? Pangano la pakamwa liri pangano ndithu, koma tsiku la mlandu mboni zimaiwala, zina zimasamuka, zina zimaopa. Pepala siliiwala.

Chachiwiri, kodi wosokonezayo analidziwa? Apa ndi pamene Lumley anagwera. Koma dziwani kuti munthu wotseka maso dala, amene anaona matumba a feteleza a kampani ali pakhonde nasankha kusafunsa, bwalo likhoza kumuyesa wodziwa.

Chachitatu, kodi anafuna kuti panganolo liswedwe? Sikofunika kuti akhale wodana nanu. Nkokwanira kuti anafuna phindu lache podzera m'kuswedwa kwa pangano lanu.

Chachinai, kodi panganolo linaswekadi chifukwa cha iye? Ngati mnzanu anali atasiya kale pa yekha, mlendoyo asanafike, mlandu utsala pa mnzanu yekhayo.

Chachisanu, kodi munataya chiani? Bwalo silipima mkwiyo, limapima chotayika. Mufunika kuonetsa mabelo angati, makilogramu angati, ndarama zingati zinadulidwa.

Pali mfundo imodzi imene makalabu ambiri saidziwa. Wosuma ayenera kukhala mwini pangano limene linaswedwa. Ngati pepala lokhalo limene liripo ndi la pakati pa mlimi ndi kampani, ndiye kuti wokhala ndi mphamvu yosumira venda ndi kampaniyo, ndipo kampani kawirikawiri sivutika, popeza idula kale zache pa fodya wa otsala. Koma ngati mamembala a kalabu analemberana pangano lao lao, lakuti ali yense adzapereka fodya wache kudzera ku kalabu kufikira ngongole itatha, pamenepo venda wagwetsa pangano la inu eni, ndipo khomo la bwalo latseguka kwa inu. Gulu limene linalembetsedwa ngati kopaletivi pansi pa lamulo la makopaletivi la 1998 liri ndi mwai woposa, chifukwa likhoza kusuma m'dzina lache monga munthu mmodzi. Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Pangano la pa kalabu lilembedwe nthawi ya nazale, osati fodya atatuluka kale.

ZIMENE BWALO LINGAKUPATSENI

Chithandizo choyamba ndi chipukuta misozi, ndiko kuti ndarama zokubwezerani pamene mukadakhala chikhala kuti pangano silinasokonezedwe. Tiyerekeze kalabu ya anthu khumi, ndipo awiri agulitsa kwa venda. Asanu ndi atatu otsalawo adulidwa ngongole ya awiri aja. Ndarama zodulidwazo ndizo chotayika chao, ndipo akhoza kuzifuna kwa anzao awiri aja, kapena kwa venda, kapena kwa onse pamodzi. Sangalandire kawiri pa chotayika chimodzi, koma akhoza kulondola amene ali ndi chogwirika. Mnzanu wa m'mudzi mwina alibe ngakhale nkhuku, pamene venda ali ndi galimoto ndi sitolo. Apa ndi pamene pali ubwino wa lamuloli. Dziwaninso kuti bwalo limafuna kuona kuti inu munayesetsa kuchepetsa chotayikacho. Ngati wogula soya wanu wabwezedwa ndi bodza la wina, musasiye soyayo afumbwe kuti mlandu ukule. Funani msika wina, ndipo mukasumire chotsalacho.

Chithandizo chachiwiri ndi chiletso. Ichi ndi chilamulo cha Bwalo Lalikuru chouza munthu kuti aleke chimene akuchita kufikira mlandu utamvedwa. Chiletso chimathandiza moto usanafike padenga. Mukamva kuti munthu akuzungulira mamembala anu mmodzimmodzi, simuyenera kudikira zigafa ziyere. Wonyoza chiletso wanyoza bwalo, ndipo akhoza kulipitsidwa kapena kutsekeredwa. Koma chiletso chimafuna changu ndi choonadi. Wochipempha amalonjeza kuti akapezeka kuti anasuma molakwa adzalipira zimene mnzacheyo wataya.

Chachitatu, zochita zina za osokoneza ndi mirandu ya polisi. Kuopseza munthu, kummenya, kumuonongera katundu, kumtsekera njira ya ku msika, zonsezi nzoswa malamulo a dziko, ndipo kukanena ku polisi sikukulandani ufulu wosumanso kuti mulipidwe. Kugula fodya popanda chiphaso nkoletsedwa, ndipo bungwe loyang'anira fodya, limene kuyambira 2019 likuchedwa Tobacco Commission, ndilo mwini nkhani zotere. Za sikelo zonama mwini wache ndi Malawi Bureau of Standards. Ndipo ogula akuru akapangana mseri kuti atsitse mtengo kapena kuti asagule kwa gulu lakutilakuti, kuli bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lobadwa ndi lamulo la 1998, limene lamulo latsopano la 2024 linalionjezera mphamvu.

Mwina muti: zonsezi nza anthu a ndarama, ife loya timlipira ndi chiani? Funso limeneli ndi loona, ndipo sitikunamizani kuti njira ya ku bwalo ndi yaifupi. Koma mirandu ing'onoing'ono imamvedwa ku bwalo la majisitireti, kumene munthu amadziyankhulira yekha m'Chichewa. Kuli Legal Aid Bureau, imene boma linaikira anthu osatha kulipira loya. Ndipo chimene munthu mmodzi sangathe, kalabu ingathe, pakuti mutu umodzi susenza denga. Nthawi zambiri kalata imodzi yokha yochenjeza, yolembedwa bwino, imabweza munthu amene anayesa kuti akuchita ndi mbuli. Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Kwathu timati mlandu suola, koma ku bwalo la boma umaola. Mirandu ya mapangano ndi ya mtundu uno iyenera kufika ku bwalo zisanathe zaka 6, ndipo umboni umaola msanga koposa pamenepo.

MPENI UWU UDULA MBALI ZONSE

Tsono tisanyengane. Lamuloli silinaikidwe kuti liphe mpikisano. Munthu akatsegula sitolo pafupi ndi yanu nagulitsa mchere motsika, sanalakwe. Wogula mtedza akafika pa Mitundu ndi mtengo wabwino, nagula kwa alimi amene sanapangane ndi wina ali yense, wachita bwino, ndipo timfuna abwerenso. Mlimi amene watha ngongole yache ndipo pangano lache latha ali mfulu kupita kumene afuna chaka chamawa, ndipo womuitana alibe mlandu. Wolangiza mnzache moona, pomuuza kuti pepala ili liri ndi msampha usasaine, sanasokoneze kanthu. Mlandu uli pa iye amene adziwa kuti chingwe chamangidwa nachidula, ndi pa iye amene apikisana ndi bodza ndi chibonga m'malo mwa mtengo.

Ndiponso bwalo silitchinjiriza pangano losemphana ndi lamulo. Kuyambira 2021 malamulo a nchito analetsa utenanti. Mwini munda amene asunga banja la munthu chaka chathunthu pa chimanga cha ngongole sangapite ku bwalo kukalira kuti wina wamnyengerera tenanti wache.

Makampani naonso amve. Pangano liri ndi miyendo iwiri. Kampani imene ichedwetsa feteleza, kapena ikana kugula makilogramu amene inalonjeza, kapena idula ndarama zimene sizinalembedwe, yaswa pangano monga momwe mlimi wogulitsa usiku waswera, ndipo ikhoza kusumiridwa chimodzimodzi. Sitikulemba izi kuti tikhale alonda a chuma cha makampani. Tikulemba chifukwa mlimi amene wasunga mbali yache amaima pa bwalo mutu uli m'mwamba, pamene mlimi amene anatulutsa mabelo awiri usiku watseka yekha pakamwa pache, ndipo watsekanso pakamwa pa anzache.

Kwa inu amene njala ya February imakupanikizani, sitikuyankhula monga anthu osadziwa njala. Tidziwa mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo venda amaudziwanso, nchifukwa chache amafika mwezi umenewo. Koma werengani bwino. Iye amagula motsika chifukwa adziwa kuti simungadikire, ndipo fodya yemweyo akamgulitsa pa mtengo umene mukadalandira inu. Chotsala kwa inu ndi ngongole, dzina loipa pa kalabu, ndi chidani ndi anansi amene mudzawafuna pa maliro. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mankhwala a njala ya February ndi thumba la kalabu lobwereketsana, losonkhedwa nthawi ya malonda, kuti membala wopanikizika agogode kwa anzache asanagogodedwe ndi mlendo.

MAU KWA GULU LATHU LENILENI

Pali chinthu china chimene tiyenera kudziuza tokha, ngakhale chiwawe. Osokoneza malonda a anthu si mavenda okha. Andale naonso amatero. Achikulire pakati pathu akumbukira masiku a chipani chimodzi, chisankho cha 1993 chisanachitike, pamene munthu wopanda khadi la chipani anabwezedwa pa chipata cha msika, dengu liri pamutu. Zimenezo zinapita, koma mtima wache sunafe. Umabwera m'maonekedwe ena: musagule kwa uje, ngwa mbali ina, musagaye pa chigayo chache, ngolo yache isanyamule mabelo a kalabu ino, ngakhale tinapangana naye kale.

Tinene poyera. Membala ali yense ali ndi ufulu wogula kumene mtima wache wafuna. Koma membala amene aopseza ogula a munthu wina, kapena afalitsa bodza lakuti ufa wa pa chigayo chakuti uli ndi mankhwala, kapena akakamiza kalabu kuswa pangano ndi mwini ngolo chifukwa cha mtundu wa nsaru imene mkazi wache amavala, ameneyo wapalamula mlandu womwe uja wa kapitao wa ku Cameroon, ndipo nthambi ino sidzamuimira. Gawo 29 lija silifunsa khadi. Tikafuna kuti lamulo lititchinjirize ife, tiyenera kulola kuti litchinjirizenso amene sativotera. Gulu limene liyamba kutseka masitolo a adani ache lisanalamulire, anthu adziwiretu chimene lidzachita likadzalamulira.

Chimodzimodzi tikana kubwezera ndi manja. Mukagwira venda ndi fodya wa kalabu, musaotche njinga yache, musammenye. Mukatero mwasandutsa mlandu wanu wabwino kukhala mlandu wache, ndipo wogona m'chitokosi adzakhala inu.

ZOTI TICHITE

Chifukwa chache tipempha makomiti a nthambi zonse, kuyambira kuno ku Mitundu, kuzungulira phiri la Bunda, kufikira ku Nathenje, kuti nyengo ya nazale isanafike achite izi.

Kalabu iri yonse ilembe pangano la mamembala m'Chichewa chomveka, lonena chimene ali yense adzapereka, nthawi yache, ndi chimene chidzachitika kwa woswa. Ali yense asaine kapena adinde chala, pamaso pa nyakwawa ndi mboni ziwiri, ndipo mapepala akhale awiri kapena atatu, osati limodzi lokha m'thumba la mlembi.

Pasakhale membala wosaina pepala la kampani asanalimve. Ngati liri m'Chingelezi, liwerengedwe ndi kumasuliridwa pa msonkhano, ndipo mlimi atsale ndi lache. Safunsa anadya phula.

Maina a alimi amene ali pa pangano adziwike kwa mfumu, ndipo wogula wachilendo akaoneka m'mudzi, wapampando ndi mlembi ampatse kalata yomuuza kuti alimi akutiakuti ali pa pangano, nasunge chifanizo cha kalatayo ndi tsiku lache. Kalata imeneyi ndiyo idzamletsa kunena pa bwalo kuti sindinadziwe.

Mlembi asunge buku la zonse: matumba amene analandiridwa, mabelo amene anatumizidwa, mapepala a malonda ochokera ku Kanengo, ndi ndarama zimene zinadulidwa. Zikachitika zoipa, lembani tsiku, nambala ya galimoto ndi maina a amene anaona. Mauthenga a pa foni ndi a ndarama zotumizidwa pa foni musafafanize, pakuti naonso ndi umboni.

Mkangano ukabuka, yambani kwa mfumu ndi kwa mlangizi, pakuti mirandu yambiri imatha pansi pa mtengo ndipo ubale umatsala. Koma chogwirizana chilembedwe. Zikakanika pamenepo, musachite manyazi kupita patsogolo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Abale ndi alongo, chuma cha munthu wosauka ndi mau ache. Tiribe nyumba za malata zambiri zoti tikapinyolitse ku banki, tiribe magalimoto. Chimene chimatsegula khomo la ngongole, chimene chimabweretsa wogula wa soya ndi mtedza kudzafika ndi lole mpaka kuno, ndi mbiri yakuti anthu a dera lino akanena kanthu amachita. Munthu wogwetsa mapangano athu sakuba mabelo okha, akuba mbiri imeneyo, ndipo ana athu ndiwo adzailipira. Makolo athu anamlipitsa wotere pa bwalo la mfumu. Malamulo a dziko akutilola kumlipitsa pa bwalo la boma. Chotsala nchakuti ife tisunge mbali yathu, tilembe, ndipo tiime pamodzi.

Nkhaniyi iwerengedwe mokweza pa msonkhano wa nthambi ukudzawu, kuti ndi osadziwa kuwerenga omwe aimve, ndipo mlembi wa kalabu iri yonse abwere ndi buku lache.

MKONZI